Mawaya a m'ndege ya Delbert

"Tsegula, Vern. Sindinakuitanire kudzaima ngati mtengo wa magetsi," anatero Mayi Lorene.

Vern anali atavula chipewa pakhomo pa shedi ngati walowa m'tchalitchi. Panali patapita masiku anayi chiikireni m'manda mnzake Delbert, mwamuna wa mayiwo. Ndege ya mipando iwiri imene Delbert anapanga yekha kwa zaka khumi ndi chimodzi inali pomwepo, isanadzukeko pansi ndi kamodzi komwe.

Marcy, mwana wawo, anatsamira phiko atavala jekete ya bambo ake.

"Amayi, ndegeyi bambo anandisiyira ine."

"Anakusiyira ndi pakamwa. Shediyi ndi yanga. Ndaika mmodzi m'manda, sindiikanso wina. Uli ndi ana awiri, iwe."

"Ndakhala ndikuulutsa ndege zaka zisanu ndi zinayi."

"Zopangidwa kufakitale, osati kuseri kwa nyumba yanga."

Mayi Lorene sukulu anaisiyira panjira, koma Vern sanamusankhe mwangozi. Delbert anakalamba akukonza mawayilesi, ndipo kwa iye waya wolumikizidwa bwino anali wowotcherera ndi mtovu basi. Vern, amene ankayendera ndege za anthu opanga okha m'chigawo chawo cha Nebraska, ankati m'ndege ayi: mtovu umakwera m'waya n'kumuumitsa, injini ikamanjenjemera wayayo amathyoka ngati kamtengo kouma. M'ndege waya amamupana ndi chopanira m'kamphete kachitsulo. Delbert ankati kupana ndi ntchito ya alesi. Anakangana Loweruka lililonse kwa zaka makumi awiri, khofi akuzizira patebulo, mayiwo akuwathamangitsa m'khitchini ndi tsache.

"Tagwirizana, eti?" anatero mayiwo. "Vern akapeza mtovu, ndegeyi siuluka: injini ipite kwa munthu wa ku Omaha wofuna kuigula uja, zotsalazo zipite kulikonse."

"Nanga akapanda kuupeza?"

"Bambo ako? Akanatha akanawotcherera ndi mabatani a malaya omwe. Akapanda kuupeza, tenga."

Vern analowa chagada pansi pa bolodi la mawotchi, mawondo akulira, tochi ili kukamwa. Kunangotsala nsapato zili panja.

Mayi Lorene sankakonda kudikira, koma anadikira. M'shedimo munkanunkha oilo ndi kafungo ka utomoni wopsa kamene kankabwera m'nyumba ndi malaya a Delbert kwa zaka makumi anayi. Ankadandaula nako tsiku lililonse lochapa. Magalasi ake anali pa benchi, otsegula miyendo, ngati mwiniwake wangotuluka kukaona mphepo. Anafuna kuwapinda, dzanja linabwerera panjira.

"Wagona mmenemo?"

"Lorene, mulibe."

"Mulibe chiyani?"

"Mtovu. Mawaya onse ndi opana." Vern anatuluka pang'onopang'ono, n'kukhala pa tayala. "Ndipo wapana bwino kuposa ine, galu ameneyu. Chilimwe chathachi ndinaona ndi maso angawa, zonse zinali za mtovu, zikunyezimira. Ndinamuuza kuti adule, anandiuza kuti ndikadule ndevu zanga."

"Unikanso. Maso ako anatha kale."

"Ndaunika mpaka kumchira."

Marcy anali atagwada pansi pa benchi. Anatulutsa chitini chachikulu cha khofi, ndipo pamwamba pake panali chopanira cha zogwirira zofiira.

"Chopanira changa," anatero Vern. "Chinasowa mu Okutobala. Ndinamunena mpongozi wanga kuti ndi wakuba, mpaka lero sandipatsa moni."

"Bwanji sanangokupemphani, amalume Vern?"

"Delbert? Kuti avomere kuti ndimanena zoona? Bola kuba."

Vern anaseka, kusekako kunathera mu mpango wake wopukutira maso.

Marcy anatsegula chitini. Munali modzaza tinsonga ta mawaya todulidwa, mazanamazana, kalikonse ndi kamutu kake ka mtovu kosalala.

Okutobala. Mayi Lorene anakumbukira dokotala akuuza Delbert kuti ndi mtima umenewo za kuulutsa ndege aiwale. Pobwerera kunyumba Delbert anangoyang'ana minda ya chimanga chouma. Iwo ankayesa kuti za ndege zathera pomwepo. Koma nyengo yonse ya chisanu imene inatsatira, akangomaliza kadzutsa, Delbert ankayala mawaya patebulo la m'khitchini n'kumawapatsa mmodzimmodzi.

"Koka, Lorene. Ndi mphamvu, ngati mmene umakokera khutu la mwana."

"Ndili ndi ntchito ine."

"Koka kaye."

Ankakoka mokwiya, maso ali pa mbale zosatsuka. Wina akavuka, Delbert ankamudula n'kuyambiranso. Sanamufunse kuti n'za chiyani, ndipo iye sananene. Wokhala pa mpando woyendetsera ndegeyo sakanakhalanso iyeyo koma Marcy, ndiye anadula ntchito yake yonse imene ankanyadira.

"Amayi," anatero Marcy motsitsa mawu.

"Khala chete."

Mayiwo anapita pa ndege paja, n'kulowetsa dzanja pansi pa bolodi. Anagwira waya woyera woyamba kumupeza, n'kukoka mpaka chala chinachita mzere. Wayayo sanasunthe. Anakoka wina. Anakokanso wina.

"Pangano ndi pangano," anatero osatembenuka. "Koma Vern ayendere nati iliyonse kawiri, ine ndili pompano pa mpando. Ana sakwera chaka chino, kapena chamawa."

"Chabwino, amayi."

"Sindinamalize. Tsiku loyamba udzadutse pamwamba pa nyumba. Ndisadzachite kumva kwa anthu."

Vern anatambasula dzanja kuti atenge chopanira chake.

"Chisiye pomwepo. Wakhala popanda icho chisanu chonse, sunafe. Pita ukapepese mpongozi wako."

Awiriwo atatuluka, Mayi Lorene anakhala pa mpando wa Delbert, chitini chili pamiyendo. Anasankha kansonga kamodzi n'kukayang'ana pa kuwala kwa pawindo. Mtovu wake unali wosalala ngati dontho la madzi, wopanda chilema paliponse. Anakapukuta ndi chala, n'kukaika m'thumba la malaya awo. Kenako anapinda magalasi aja.