Malata a Mkamwini

Elson anabwerako ku Joni mu 1974, chaka chimene boma linaletsa amuna kupita kumigodi. Zaka zisanu ndi ziwiri za pansi pa nthaka zinamuphunzitsa kuti chimene wakhetsera thukuta n'chako. Anaumba njerwa, anaziwotcha yekha, n'kumanga nyumba ya malata kwawo kwa mkazi wake Anesi, kufupi ndi Milonde, kumene ankakhala pachikamwini.

Patatha zaka zinayi Anesi anamwalira. Tsiku lometa litadutsa, a Jailos, malume ake a malemuyo, anaitana Elson pamaso pa abale onse.

"Akamwini, munatisungira bwino mwana wathu. Tsopano takumasulani, mutha kubwerera kwanu."

"Nanga nyumba yanga?"

"Nyumba ndi ya mbumba. M'menemo mukhala mwana wanu Joice ndi azing'ono ake."

Elson anadzambatuka. "Mbumba! Pamene ndinkameza fumbi kumgodi, mbumbayo inali kuti? Ndani wa inu anasenzapo njerwa ngakhale imodzi?"

"Dothi la njerwazo munakumba panthaka ya yani?" anafunsa a Jailos osakweza mawu. "Muli ku Joni, ana anu ankadya kwa yani? Kodi inu munachita kugwa kumwamba?"

"Ine ndine Elson, si tambala wobwereka ayi!"

Anatenga hamala, anakwera padenga n'kuyamba kuzula misomali. Azimayi anakuwa. Joice, mwana wake woyamba, anaima m'munsi manja ali kumutu.

"Ababa, mvula ili pafupi. Mukukhaulitsa agogo a Jailos kapena ife?"

Dzanja la Elson linaima pang'ono. Koma atatembenuka anaona a Jailos ali phee pampando, akununkhiza fodya ngati palibe chikuchitika, ndipo mtima unamutenthanso. Anasasula malata onse mpaka lomaliza, anawakweza pangolo, ulendo wa ku Limbuli. Kwa alongo ake sanapiteko, chifukwa uko nakonso kunali mbumba.

Abale a Anesi anamweta udzu, ndipo m'masiku awiri nyumba ija inali itafoleredwa. Elson anamanga kasitolo pafupi ndi msika wa ku Limbuli, ankaphika yekha, ankadya yekha.

Zoti Joice wakwatiwa anazimva kwa mayi wina wogulitsa nanazi, ukwati utachitika kale. Anatseka sitolo dzuwa lili paliwombo. Anafufuma ndi mkwiyo sabata yathunthu, koma panalibe munthu woti iye amukalipire.