Namwino Wopanda Maliro

Tandiyankheni inu amene mukuwerenga, ndipo musasuzumire m'munsimu ayi, ndikukuonani. Pali munthu amene tsiku lonse amauza anzake kuti idyani bwino, pumani, gonani mokwanira. Koma iye mwini amadya ataimirira, tiyi wake amamwa atazizira. Ndani ameneyo? Mwagonja? Ndi namwino. Ndipo mmodzi wa iwo ndi Christobel, mkazi wa Sungani, mwana wa achimwene anga.

Christobel kwawo ndi ku Rumphi, kumene basi imafika itakalamba. Anabwera kuno ku Mulanje kudzagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba pa kachipatala ka m'dera lathu. Tsiku lina ndikuchokera ku msika wa Thuchila ndinamupeza pakhonde, yunifolomu ili m'thupi, maso ali psuu.

“Azakhali, ine ndatopa,” anatero. “Ndikukapempha kuti andisamutse. Ndibwerere kwathu.”

“Sungani wakulakwira? Nena, ndikamukoke khutu pamaso pa anzake.”

“Ayi, si iwowo. Ndi kuntchito. Kukagwa maliro, onse amanyamuka, amvekere, ‘Christobel atsale, alibe maliro kuno.’ Kukakhala ukwati, chinkhoswe, kumanga chiliza, wotsala ndine. Pa tiyi amacheza m'Chilomwe, ine ndimangoseka osadziwa ngati akuseka ine. Pamene agogo anamwalira ku Rumphi, anandiuza kuti n'kutali, ndikafika atakwirira kale. Ngakhale wonena kuti pepa sanapezeke.”

Apa nthabwala zinandithawa pang'ono. Mwanayu akachoka, Sungani atsatira, kamdzukulu kanganso kapita. Nanga amayi oyembekezera a kuno adzachira m'manja mwa ndani?

“Ukachoka, amayi oyembekezera azichira m'manja mwa a Pilato?” ndinafunsa. Christobel anaseka misozi ili m'masaya.

A Pilato ndi namwino wamwamuna, wakalekale pachipatalapo. Jakisoni amabaya bwino, zimenezo sindingawanamizire. Koma pakamwa! Akamayenda m'khonde amadziguguda pachifuwa: “Ine ndine chitsulo cha njanji. Kutopa sindikudziwa. Tchuthi ndi cha anthu ofooka.” Chodabwitsa n'chakuti chitsulo chimenechi chinali ndi abale ambiri omwalira kuposa mudzi wonse.

“Usanapemphe kusamuka, walankhula ndi mkulu wanu watsopano uja?” ndinatero.

“Ndikuopa, azakhali. Anena kuti ndine waulesi.”

“Tiye. Ine ndikakhala pabenchi ngati wodwala, ndikamva akukukalipira ndikomoka, asokonezeke.”

Sindinakomoke. Asisitala a Lines, mkulu wa anamwino, anamukhazika pampando, anamvetsera mpaka mapeto osamudula.

“Wachita bwino kunena, mwanawe,” anatero. “Namwino wotopa amalakwitsa mankhwala, amakalipira odwala, mapeto ake amadwala yekha. Kupuma si ulesi. Ndipo kuchokera kutali si mlandu. Undipatse mpata ndikumane ndi anzako.”

Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mapeyala. Anaitananso ife a komiti ya chipatala, amene timaimira anthu a m'midzi.

“Anzanga,” anayamba a Lines, “ndani pano alibe kwawo?”

Palibe anakweza dzanja.

“Ndiye mawu akuti uje alibe maliro athere pompano. Masiku a Loweruka ndi Lamulungu tizigawana mofanana. Wa kutali akaferedwa, tizimupatsa masiku okwanira ulendo wake. Nthawi ya tiyi tizipuma mosinthana, ndipo pocheza tizilankhula zoti aliyense amve. Chilomwe sitikuchiletsa. Muphunzitseni mnzanuyu, nayenso akuphunzitseni Chitumbuka.”

Lizzie, namwino amene amayenda ndi ndodo chifukwa cha mwendo, anakweza dzanja. “Ine kuimirira tsiku lonse ku sikelo ya ana kumandipweteka. Ndimangopirira.”

“Mawa mpando ukhala pamenepo. Ukanatiuza kale.”

Asiyatu, yemwe ndi Msilamu, anati iye Khirisimasi atha kugwira ntchito mosavuta, bola pa Idi azimumasula, ndi Lachisanu masana akapemphere. Anthu anayang'anana. Nkhani yophweka chonchi, zaka zonsezi palibe anamufunsa!

“Chomaliza,” anatero a Lines. “Mnzathu akaferedwa, tizipita kukamupepesa. Wa pafupi tizifika pakhomo. Wa kutali tizimuperekeza pa basi ndi kumuchingamira akabwera.”

A Pilato anatsokomola. “Asisitala, mukulera makanda. Ife tinagwira ntchito popanda mipando, popanda tiyi. Ine maso anga satsinzina dzuwa lili kunja. Funsani aliyense.”

“Tamva, bambo Pilato. Komabe mpando wanu pa tiyi ulipo.”

Zinthu zinayamba kusintha. Loweruka lina ndinaona Christobel akuchapa zovala za mwana akuimba. Tsiku lina anabwera ndi kalongonda, nyemba zija amakonda Alomwe, m'kambale, akuti wamupatsa ndi Lizzie. Naye Christobel anawaphikira anzakewo kondowole, nsima ya chinangwa ya kwawo, ndipo Asiyatu anafunsa ngati chimenechi amadya kapena amamatira matayala a njinga. Anaseka mpaka odwala anasuzumira pawindo. Koma za kusamuka sanazitchule, ndipo ine mtima unali m'mwamba ndithu.

Kenaka Lachisanu lina a Pilato anafika nkhope ili yakugwa. Amalume awo a Gabriel a ku Likhubula atisiya. Ayenera kunyamuka, ndipo Loweruka lawo wina awagwirire. Anatembenukira kwa Christobel mwachizolowezi.

“Pitani bwino, bambo, pepani,” anatero a Lines. “Loweruka ndigwira ndine.”

Atachoka, a Lines anati, “Lamulo tinapangana lija liyambire pa iwowa. Ine ndi Asiyatu titsala ndi odwala. Christobel, iwe ukatsogolere, ukalankhule m'malo mwa chipatala.”

“Ine? Mlendo?”

“Mlendo ndani? Ndiwe wa pano.”

M'mawa mwake tinakwera minibasi: Christobel, Lizzie, ine ndi amayi ena a komiti, titamanga zitenje, tili ndi ufa, shuga ndi mtolo wa nkhuni. Phiri linali litafunda chiperoni. Tikudutsa m'minda ya tiyi, Christobel anandinong'oneza: “Azakhali, sindisamukanso. Anthu amene amakutuma kumaliro, ndiye kuti akuwerengera.”

Ndinamutsina patsaya. Ndipo inu a m'zipatala imvani, poti nkhani yanga yagona pamenepa. Namwino ndi munthu. Kaya ndi Mlomwe, Mtumbuka, Myao, kaya amayenda ndi ndodo, kaya amapemphera Lachisanu, mugawane ntchito mofanana, mupatsane mpata wopuma, ndipo chikakupwetekani nenani kwa akuluakulu anu. Namwino wosamalidwa ndi amene amasamala bwino odwala.

Titatsika ku Likhubula, anthu anatilozera nyumba ya a Gabriel. Tinayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, ine ndikutsogolera, poti mawu olirira ndili nawo abwino. Koma panjira panalibe masamba. Pabwalo panalibe anthu. Panali nkhalamba imodzi yokha, yadazi, ikusenda chinanazi.

Christobel anagwada mwaulemu. “Pepani bambo, tachokera ku chipatala. Tabwera kudzapepesa maliro a bambo Gabriel.”

Nkhalamba inaika mpeni pansi. “A Gabriel ake ati?”

“Amalume awo a bambo Pilato.”

“Ndamwalira liti?”

Nyimbo inandithera pakhosi. Ndipo muli zii momwemo tinamva kuseri kwa nyumba mkonono, waukulu ngati thirakitala ya ku esiteti. Tinazungulira. Chitsulo cha njanji chinali gada pamkeka, pakamwa pali yasa, wailesi pamimba, dzuwa lili pamutu.

A Gabriel anawagogoda ndi ndodo kuphazi. “Iwe Pilato! Dzuka, anzako abwera kudzandiika.”

A Pilato anadzambatuka, anaona zitenje, anaona nkhuni, anaona Christobel. “Ndi... ndimangopumitsa maso.”

“Pumitsani ndithu, bambo,” anatero Christobel. “Asisitala anati kupuma si ulesi. Kungoti muzipempha, osapha amalume.”

Lizzie anakhala pansi ndi kuseka, ndodo inagwera uko.

“Mwana wanga,” a Gabriel anafunsa Christobel, “kwanu n'kuti?”

“Ku Rumphi. Sindinakaonebe manda a agogo.”

“Upite. Masiku ako agwira ndi uyu, wapuma mokwanira.” Kenaka anakokera thumba la shuga kufupi ndi miyendo yawo. “Koma ichi musabwerere nacho. Maliro ndi anga.”