Mtembo Wopuma

Chaka chimene mpikisano wa mafilimu a ophunzira unafuna nkhani yoseketsa ya imfa, mtsikana amene ankamutcha Wakamera ndiye ankajambula, mnzake Chimimba n'kukhala mtembo. Bokosi anabwereka kwa kalipentala, lidakali ndi utuchi. Chimimba akangogonamo ankayetsemula, olira maliro n'kufa nalo phwete.

"Iwe, kufa kokhaku kukukanika?" Wakamera ankakalipa.

Anabwereza kakhumi, koma oweruza anawagwetsabe, ati mimba ya mtembo inkakwera n'kutsika.

Patatha zaka makumi awiri, Wakamera anaima pambali pa bokosi lina, lonyezimira, lopanda utuchi. Anayang'anitsitsa pamimba paja nthawi yaitali, koma sipanagwedezeke.

"Lero ndiye wakhoza, chitsiru iwe," ananong'ona. "Basi, tajambula. Dzuka."