Njinga Yobiriwira ku Mgona

Ntchito yosunga mbiri za odwala pa kompyuta ili ndi mabwana ambiri. Kuli boma, komwe malipiro ndi ochepa koma sachotsa munthu chisawawa. Kuli zipatala za eni ake, kulinso makampani a inshulansi m'tauni umo, kwa anthu a mataye. Vaileti, mtsikana wa ku Mgona, atamaliza kozi yake anasankha bungwe lina lomwe limathandiza pa kachipatala ka ku Area 25, poti mabungwe ndiwo amalipira bwino. Amenewo amakulemba chaka chimodzi basi, chikatha uzipemphera.

Iye ankalemba za anthu olandira ma ARV. Lachiwiri lina m'mawa anapeza dzina limodzi litalembedwa kawiri, Zipora Kachingwe apa, Zipora Kachingwe apo. Anangoti ndi munthu mmodzi ameneyu, zimachitika, n'kuphatikiza mafayilo awiriwo. Kompyuta nayo, chitsiru cha makina, inangovomera. Masana inatulutsa mayina a anthu amene asiya kudzatenga mankhwala, ndipo a Weston, omwe ntchito yawo ndi kulondola anthu oterewa m'makomo, anatenga pepalalo n'kuliza njinga yamoto yobiriwira ya bungwelo.

Patatha theka la ola, Vaileti akulongedza makadi m'kabati, anaona makadi awiri atagundizana. Mayo ine! A Zipora analipo awiri. Wina wa ku Area 25, mayi wachikulire, ndiye anali atasowa miyezi iwiri. Winayo anali wa ku Mgona, kuseri kwa chigayo, wosajombapo n'kamodzi komwe. Pamwamba pa kadi yake namwino analemba ndi cholembera chofiira: "Osapita kunyumba. Amuna awo sadziwa, ndipo amamenya." Chenjezo limenelo linali litafufutika pa kompyuta pophatikiza paja, koma keyala ya ku Mgona ndiyo inatsala.

Nyumbayo Vaileti ankayidziwa, inali mizere itatu chabe kuchokera kwawo. Mwamunayo ankamudziwanso, a Rodgers owotcherera zitsulo, munthu amene anathyolapo mkono wa mlamu wake pa nkhani ya wailesi. Ndipo ku Mgona kulibe munthu wosadziwa njinga yobiriwira ija. Wokwerapo atha kutseka pakamwa, koma ikangoima pakhomo pako, anthu adziwa kale kuti muli wakumwa mankhwala.

Anaimba foni ya a Weston. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso kachiwiri, kachitatu, zii. Sanatsanzike munthu, anangotuluka pageti n'kudumphira kabaza wa njinga yamoto.

"Achimwene, ku Mgona, pachigayo. Thamangani chonde, kufa munthu!"

Njira yonse ankangoona magazi m'maso mwake. Anapemphera kuti a Weston ayambe kaye makomo ena, kapena tayala liwaphwere, kaya agwe pang'ono m'ngalande, Mulungu akhululuke. Fumbi linamulowa m'kamwa koma sanalavule.

Anakhota pachigayo. Njinga ija inali itaima kale pakhomopo. A Rodgers anali panja, chitsulo cha windo chili m'manja. Zipora anaima pachitseko, mwana kumbuyo, nkhope itauma gwa. Chapafupi, pa mpopi wogulitsa madzi, amayi onse a pamzere anali atasiya nkhani zawo.

"Ndafunsa ine," ankatero a Rodgers, mawu ali pansipansi. "Akazi anga mukuwafuna chiyani?"

A Weston ankangotembenuza pepala lija. "Ayi bambo, timangoyendera anthu, za umoyo basi."

"Za umoyo? Nyumba zonsezi mwazidumpha bwanji?" Anatembenukira mkazi wawo. "Zipora, pali chimene sindikudziwa ine?"

Vaileti anali ndi mantha oti mkodzo unatsala pang'ono kumupulumuka. Kunena kuti kompyuta yalakwitsa sikukanathandiza, bambo aja akanafunsa kuti dzina la mkazi wawo likutani m'kompyuta ya kumeneko. Anangomva pakamwa pake pakukuwa.

"A Weston! Mwasokera, si khomo limenelo! Mukufuna ine!"

Onse anacheuka. A Weston anamuyang'ana ngati wapenga, iye n'kuwatong'olera maso.

"Kwathu ndi uko, mzere wachitatu. Ndine ndinasiya kutenga mankhwala. Ndinalembetsa dzina la eni ake chifukwa cha manyazi. Pepani bambo, pepani mayi."

"Iwe?" anatero a Rodgers. "Si umagwira ntchito kuchipatala komweko iwe?"

"Nanga ogwira ntchito sadwala?"

A Rodgers anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka chikhakhali. "Atsikana a masiku ano! Chotsani chinjinga chanuchi pakhomo panga." Anaponya chitsulo chija pansi. Zipora anatsamira chitseko, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi.

Vaileti anapuma. Potembenuka kuti azipita, anaona mayi ake omubereka ali pa mzere wa madzi uja, achitatu kuchokera kutsogolo, ndowa ili m'manja. Anaitula pansi bwinobwino.

"Vaileti, mwana wanga, wati chiyani?"

A Rodgers anali akadali pomwepo, akumvetsera. Vaileti ananyamula ndowa ija.

"Mwamva kale, amayi. Tiyeni kunyumba."