Nsolo ya Dziko Lonse Lapansi

Kasonde, wosema njovu zamitengo pamsika wa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, sabata imeneyo mpando unkamuotcha. Akuluakulu a msika anamuuza kuti pakapanda kupezeka anthu khumi olembetsa mpikisano wake wa nsolo pofika Loweruka, mthunzi umene ankasewerapo aupatsa mayi wokazinga vitumbuwa. Lachinayi linafika olembetsa ali awiri okha, mmodzi mlamu wake.

Akuzungulirazungulira choncho, panafika mzungu wa ku Amereka atavala kapu yonena kuti timu yake ya masewera a besibo ndi akatswiri a dziko lonse lapansi.

"Bwana, munagonjetsa maiko angati?" anafunsa Kasonde.

Mzunguyo anakanda m'mutu, nati mumpikisano wawowo mumasewera matimu akwawo okhaokha, kuphatikizapo imodzi ya ku Canada.

"Nanga dziko lonse lalowa pati?"

"Akale anatchula choncho kuti anthu abwere ambiri, ndipo palibe anatiletsa."

Kasonde sanamugulitsenso njovu. Anang'amba katoni, nalembapo ndi makala: MPIKISANO WA NSOLO WA DZIKO LONSE LAPANSI.

"Ba Kasonde, dziko lonse ni imwe na mlamu wanu?" anaseka Namasiku, wogulitsa mikanda.

Koma ndani amakana kukhala katswiri wa dziko lonse? Pofika Lachisanu mayina anali khumi ndi anayi, pakati pawo dalaivala wa ku Botswana ndi wosema mnzake wa kutsidya kwa mlatho, ku Zimbabwe.

"Ba Namasiku, maiko atatu," anatero Kasonde, akukhala pansi pamthunzi paja. "Amereka ali na awiri chabe."