Batani la Achemwali

Magalasi, wopanga mapulogalamu a pafoni, ndewu sankaidziwa. Mlamu wake atawathyola mkono achemwali ake, iye anachita chimene manja ake ankatha: anawapangira kapulogalamu ka batani limodzi lofiira.

"Akangoyamba, mubisale n'kudina apa," anawauza. "Uthenga undipeza, iye osadziwa kanthu."

Nanga ndani amalemba zonse yekha masiku ano? Mbali yotumiza uthengayo anangoitenga pa intaneti, laibulale, ndiye kuti pulogalamu yolembedwa kale ndi anthu ena, n'kuilumikiza. Malangizo ake anali ataliatali, ndiye anangowerenga pamwamba pokha. Anayesera pa foni yake, ija imakhala yotseka mawu chaka chonse poopa abwana ku ofesi. Uthenga unapita mwakachetechete, munthu n'kudziombera m'manja. Chitsiru!

Tsiku lina masana ali pa desiki, foni inathwanima zofiira. Anagwetsa mpando, liwiro.

Atafika kwa achemwali anapeza chitseko chili chitsegukire, mbale zili mbwee pansi, tebulo miyendo m'mwamba. Kuchipinda, chitseko cha kabati ya zovala chinali lendelende, ndipo mlamuyo anali atawagwira tsitsi achemwali, akuwamenyetsa mutu kukhoma. Magalasi anamulumphira kumsana. Chimunthucho chinangomukutumula n'kumusasantha chibakera pakamwa. Dzino linathothoka, magalasi ake a m'maso n'kuphwanyika. Popapasa pansi dzanja lake linapeza nsimbi yositira. Anamugogoda nayo pabondo, kenako paphewa, kenako paliponse pamene nsimbiyo inafika. Oyandikana nawo nyumba ndi amene anabwera kudzamulanda, mlamu ali thapsa pansi akubuula.

Achemwali anali atatsamira khoma, magazi ali chuchuchu pamphumi. Magalasi anagwada pambali pawo. Mantha analipo, inde, koma tisanamizane, kamtima kodzitama kanalinso pomwepo.

"Mwaonatu, achemwali? Batani lija lagwira ntchito. Ndafika."

Iwo anamuyang'ana ndi diso limodzi lomwe linkatseguka.

"Iwe, anandifunafuna nyumba yonse osandipeza. Anali atatenga kale makiyi, akutuluka. M'pamene ndinadina." Analavula magazi. "Foni inalira ngati belu, ndili m'kabati muja. Ndinamumva akubwerera."

"Ayi, achemwali, siilira imeneyo. Ndinayesa ndekha."

"Inalira, mchimwene wanga."

Foni yawo inali pansi pa bedi, galasi lake litang'aluka. Magalasi anaitola, n'kudina batani lofiira lija ndi chala chamagazi. Kanyimbo kansangala kanamveka chipinda chonse, kaja eni laibulale anaikamo kouza munthu kuti uthenga wake wapita, kamene malangizo aja ankanena kazimitsidwe kake m'munsi.

M'thumba mwake, foni yake inangothwanima, osatulutsa mawu.