Magolovesi a Tsiku la Alendo

Lachitatu lija, pa esiteti ya khofi kuseri kwa phiri la Kaning'ina, aliyense wopopera mankhwala anapatsidwa majombo, magolovesi ndi chophimba pakamwa, zonse zatsopano. Esme Nyirenda, amene anapopera zaka zinayi manja ali pamtunda, anadziwiratu kuti kukubwera alendo. Anali a bungwe lopereka chidindo chotsimikiza kuti khofiyu amalimidwa mosazunza antchito. Popanda chidindocho, ogula a kunja sakanamuyang'ana n'komwe.

Kapitawo wa opoperawo, Herbert, anakokera Esme pambali. "Iwe, manja akowo asaoneke. Akakufunsa, malipiro ali bwino, zovalazi timavala masiku onse. Ukaphonyetsa, lole ya antchito mawa usakwere."

Kunena zoona, manja a Esme anali osayang'anika: khungu losupuka, ming'alu yochucha madzi pakati pa zala. Koma kwawo m'tauni, ku Ching'ambo, kunali ana atatu odya thukuta lake. Anavala magolovesiwo n'kulumbira chamumtima kuti pakamwa pake sipatuluka choipa.

Ndipo sipanatuluke. Mayi Catherine, mkulu wa alendowo, atamufunsa, Esme anayankha m'chilankhulo cha kwawo ngati mwana wasukulu, kuti zonse zili bwino kwambiri: "Tikukhala makora chomene, mama." Herbert mpaka anamwetulira, munthu amene mano ake antchito anali asanawaonepo.

Potsanzika, mayi aja anatambasula dzanja. Nanga munthu woleredwa bwino n'kupereka moni kwa wamkulu atavala chigolovesi chonunkha mankhwala? Mwano wake umenewo! Esme sanaganize kawiri. Anavula, n'kupereka dzanja, linalo litagwirizira pamkono.

Mayi Catherine sanalisiye dzanjalo. Analitembenuza, kuliyang'anitsitsa, kenako anafunsa Herbert kuti magolovesiwo anagawidwa liti. Herbert anayamba kutsokomola.

Tsiku limenelo, mosiyana ndi zaka zonse, zovala sizinalandidwe alendo atachoka. Antchito anabwerera nazo m'tauni akuimba m'lole.

M'mawa mwake pa siteji, Esme atangoponda tayala kuti akwere, Herbert anamutchinga ndi mkono.

"Tsika. Opopera akwana."

"Koma abwana, ine sindinanene kanthu!"

"Ndikudziwa."

Esme zinamuwawa koopsa, mpaka misozi m'maso. Anzake, atakhala pamwambapo ndi magolovesi awo atsopano, anangoyang'ana kumbali.

Lole inaliza injini. Herbert anasuzumira pawindo n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa magolovesiwo. Ndi a antchito."